NDALAMA ZIWIRI ZA MSAMARIYA NDI ODWALA A KU ZOLOZOLO

Werengani Luka 10:25-37 ndi 2 Akorinto 8.



Fanizo la Msamariya wachifundo mulidziwa bwino. Ngakhale ana a m'kalasi alinena pamtima. Tikumbuka munthu uja anavulazidwa ndi achifwamba panjira yotsikira ku Yeriko, tikumbuka wansembe ndi Mlevi amene anamlambalala, tikumbukanso mafuta ndi vinyo pa mabala ake. Koma pali kanthu kena kumapeto kwa fanizoli kamene tikadumpha kawirikawiri, ndiko ka pa ndime 35. Kutacha, Msamariya asanapitirire ulendo wake, anamasula thumba lake, nasiya ndalama ziwiri m'manja mwa mwini nyumba ya alendo kuti asamale wodwalayo. Nalonjezanso kuti pobwerera adzalipira zonse zimene zidzaonjezereke. Ndalama imeneyo dzina lake ndi dinari, ndipo pa Mateyu 20 tiona kuti dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku lathunthu. Chotero Msamariya anasiya thukuta la masiku awiri chifukwa cha munthu wosamdziwa.

Mwezi uno tifuna kulingalira za ndalama ziwirizo, pakuti m'menemo muli chiphunzitso cha kupereka kosamalira odwala. Ndipo kuti mawu athu angauluke m'mwamba ngati utsi, tiwatsitsira pa malo amodzi odziwika, ndiwo Zolozolo mu mzinda wa Mzuzu, kumene kuli ana ndi adzukulu a ambiri a inu.

1. Wovulala ali kuti?

Ife a m'midzi tili ndi ganizo lakuti m'tauni mulibe wosauka. Mwana akatuluka m'mudzi nakakhala ku Mzuzu, tiyesa kuti wafika pa nkhokwe yosatha, ndipo tingomtumizira mauthenga opempha. Koma tamvani mmene mzindawo unakulira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunatsegulidwa munda waukulu wa mitengo ya tung, ndipo anthu anayamba kusonkhana komweko kudzafuna ntchito. Mu 1985 Mzuzu unatchedwa mzinda, ndipo pa kalembera wa 2018 anawerengamo anthu oposa 220,000. Anthuwo anachuluka msanga koposa nyumba zabwino, koposa mipope ya madzi, koposanso zipatala. Tsono osauka anadzaza Zolozolo, Chibavi, Chiputula, Masasa, Mchengautuwa ndi malo ena otere, ambiri a iwo m'nyumba za lendi.

Wosauka wa kumudzi ali ndi kamunda, ali ndi masamba a mawungu kuseri kwa nyumba, ali ndi abale omtungira madzi tsiku limene wagona. Wosauka wa m'tauni agula zonse: ufa, makala, madzi, ndi pogona pomwe. Wopalasa kabaza, wogulitsa tomato pamsika, woumba njerwa, wochapa m'nyumba za eni, onsewa adya za tsiku lomwelo. Akadwala masiku atatu, pakhomo pake sipafuka utsi, ndipo mwini nyumba sasiya kufuna lendi yake. Chifukwa chake ambiri apirira ndi nthenda, nagula timankhwala pa kagolosale, nafika kuchipatala nthenda itakula kale.

Mudziwenso kuti chipatala chachikulu cha boma la Mzimba chili ku Boma la Mzimba, kutali ndi Mzuzu. Chotero a mu mzinda athinana pa zipatala zazing'ono monga cha ku Mapale, ndi pa Mzuzu Central Hospital, chimene chiyenera kulandiranso odwala kwambiri ochokera ku Chitipa, ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay. Taonani, wovulala wa m'fanizo sanagwe m'thengo lakutali. Anagwa m'mbali mwa msewu wodutsa anthu ambiri, ndipo anthu anamuona, napitirira. Wodwala wa ku Zolozolo ali chomwecho. Magalimoto ampitirira usana wonse, magetsi a mu mzinda amuwalira usiku, koma womtola asowa.

2. Asamariya ochokera kutali

Tisaiwale kuyamika, pakuti kusayamika ndi tchimo. Msamariya anali wa mtundu wina, wosayembekezeka kuthandiza Myuda. Ndipo dziko lathu lathandizidwa nthawi zambiri ndi anthu a mitundu ina, amene sanatione ndi maso.

Mu 1889 a Mishoni ya Livingstonia anatsegula malo awo ku Ekwendeni, kumene Dr Walter Elmslie anagwira ntchito pakati pa Angoni, ndipo chipatala cha kumeneko chikali kuchiza anthu kufikira lero. Ndalama za ntchito yotere zinachokera ku mipingo ya ku Scotland, kwa olemera ndi kwa osauka omwe. Mu Mzuzu momwemo, masisitere a Medical Missionaries of Mary anayamba ntchito ya chipatala cha St John's kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1993 anafika Abale a St John of God kuchokera ku Ireland, nasankha ntchito imene ambiri aiopa, ndiyo kusamala odwala nthenda za m'mutu, amene ife tinali kuwamanga ndi zingwe kapena kuwaseka panjira. Chipatala cha Mzuzu Central Hospital chinamangidwa ndi ndalama za dziko la Taiwan, chinatsegulidwa mu 2000, ndipo madokotala a dzikolo anadza kudzagwiramo ntchito. Ndipo pamene nthenda ya Edzi inali kudzaza manda m'dziko lonse, mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004, ndi chithandizo cha thumba la mayiko lotchedwa Global Fund. Alipo ambiri lero pakati pathu, akulu a mpingo ndi amayi olera adzukulu, amene akadakhala pansi pa nthaka chipanda mankhwalawo.

Zonsezi tiziyamika pamaso pa Mulungu, amene atsegula mitima ya anthu. Koma tizindikire chinthu chimodzi. Amishoni akale anamanga zipatala zawo zambiri kumidzi, pakuti masiku amenewo anthu anali kumidzi, ndipo mizinda inali isanakule. Kufikira lero zipatala zambiri za mipingo, zimene zigwirizana m'bungwe la CHAM, zili kumidzi. Ndiponso chipatala cha mishoni chilipiritsa, kuti chipeze mankhwala. Tsono wosauka wa m'tauni agwa pakati: opereka amuyesa wolemera chifukwa akhala mu mzinda, pamene iye alibe ndi ya kabaza yomwe.

3. Ndalamazo zinali za chiyani?

Msamariya sanasiye ndalama kuti amange chipilala cholembapo dzina lake. Anazisiya kuti wodwala adye, asambitsidwe, mabala ake amangidwenso mawa ndi mkucha. Zinali ndalama za ntchito yosaoneka, ya tsiku ndi tsiku.

Apa pali chiyeso cha opereka onse, akutali ndi apafupi omwe. Nyumba yatsopano ioneka. Itsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, ndipo dzina la wopereka lilembedwa pakhoma. Koma malipiro a namwino saoneka, mafuta a ambulansi saoneka, mankhwala a malungo atha msanga osasiya chikumbutso. Chifukwa chake kupeza womanga nyumba n'kosavuta, koma kupeza wogula za m'katimo chaka ndi chaka n'kovuta. Nanga nyumba yokongola yopanda mankhwala ipindulanji kwa mayi wobereka mwana wotentha thupi?

Ndiponso moyo wa anthu a malo onga Zolozolo susungika ndi chipatala chokha. Usungika koposa ndi zinthu zazing'ono zotchinga nthenda isanalowe. Taganizani za kolera. Kuyambira mu March 2022 kufikira mu 2023 nthendayi inagwira anthu oposa 58,000 m'Malawi, nipha oposa 1,700, ndipo sinakhalepo yoopsa chotero m'dziko muno. Iyenda bwanji? Tizilombo take tituluka m'chimbudzi cha wodwala, tilowa m'madzi kapena m'chakudya, ndipo wakumwa madziwo atsegula m'mimba kufikira madzi a m'thupi mwake atha. Kumene nyumba zathinana, chimbudzi chokumba chikhala pafupi ndi chitsime chosazama. Mvula ikagwa yambiri, monga inagwa mu April 2016 nigwetsa nyumba zambiri mu Mzuzu, zoipa za m'chimbudzi zisakanikirana ndi madzi akumwa. Madzi a m'mipope alipo mu mzinda, ochokera ku damu la Lunyangwa, koma ali ogula. Ndipo wosowa ndalama abwerera ku chitsime.

Tsono onani kuchepa kwa zinthu zopulumutsa. Mankhwala a klorini othira m'ndowa, sopo wosamba m'manja, chivundikiro pa chimbudzi, ndi madzi a mchere ndi shuga a Thanzi omwetsa wotsegula m'mimba ali panjira yopita kuchipatala. Onjezani masikito otchinga udzudzu, katemera wa ana, ndi sikelo ya amayi apakati. Onjezaninso alangizi a zaumoyo oyenda khomo ndi khomo, ndi anthu odzipereka a m'mipingo ozonda odwala m'nyumba zawo ndi kuwakumbutsa kumwa mankhwala. Izi ndizo ndalama ziwiri za Msamariya masiku ano. Sizimveka kutali, koma zisunga anthu amoyo.

4. Msamariya anapitirira ulendo wake

Musaiwale kuti Msamariya anagona usiku umodzi wokha. Anali wapaulendo, anali ndi zake zochita, ndipo kutacha anachoka. Makolo athu anati mlendo ndi mame. Mame ali okoma m'mamawa, koma mlimi wanzeru sabzala chimanga chake poyembekeza mame.

Mzuzu anaziona izi ndi maso. Kuchiyambi kwa 2008 kunalengezedwa kuti boma la Malawi lasiya ubale wake ndi Taiwan, nilowa ubale ndi boma la ku Beijing; ndipo madokotala a ku Taiwan amene anali pa Mzuzu Central Hospital anachoka chaka chomwecho. Nyumba zinatsala, odwala anatsala, koma manja amene anali kuthandiza anapita, pa chifukwa chimene wodwala wa ku Zolozolo sanachipange ndiponso sanafunsidwe. Komabe tiyamika kuti Akhristu ena a chipatala cha Pingtung Christian Hospital cha ku Taiwan anapitiriza kuthandiza ku Mzuzu mwa njira ya bungwe la Luke International. Amenewo anakumbukira mbali yachiwiri ya fanizo, ndiyo lonjezo la kubwerera.

Zinachitikanso mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi chithandizo chake cha kumayiko ena, ndipo m'chaka chomwecho bungwe lake la USAID linatsekedwa. Antchito ambiri a zaumoyo amene malipiro awo anali kuchokera kumeneko anauzidwa kukhala pakhomo. Ichi chinali chowawa kwa ife, pakuti kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka zogwirira ntchito za umoyo m'Malawi zachokera kunja. Ndipo mudziwa kuti wakumwa mankhwala otalikitsa moyo ayenera kumwa tsiku lililonse. Nthenda siidikira kuti mafumu a dziko lapansi ayambe agwirizana.

Kwa opereka akutali tinena mwaulemu kuti: mukayamba ntchito ya odwala, werengani mtengo wake kufikira kumapeto, ndipo mukafuna kuchoka, nenani nthawi ikalipo, kuti otsala akonzeke. Koma kwa ife eni tinena molimba koposa. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Afrika anapangana ku Abuja kuti pa ndalama 100 zilizonse za boma, 15 zizipita ku ntchito za umoyo. Tili nawo ufulu wa kukumbutsa aphungu ndi makhansala athu za pangano limenelo, pakuti wodwala ndi wathu, si wa mlendo ayi.

5. Mwini nyumba ya alendo

M'fanizoli muli munthu wina amene sitimlalikira kawirikawiri, ndiye wolandira ndalama uja. Msamariya atachoka, panalibe womuona. Akadatha kubisa dinari imodzi m'thumba mwake, kupatsa wodwala phala lamadzi, ndi kudzanena bodza tsiku la kuwerengera. Chifundo chonse cha Msamariya chinapachikika pa kukhulupirika kwa munthu ameneyu.

Ife Amalawi, pa ndalama zochokera kunja, tili m'malo a mwini nyumba ya alendo. Ndipo tidziwa kuti m'dziko mwathu mankhwala olembedwa kuti ndi a boma apezeka ali kugulitsidwa m'misika. Tikumbukanso chaka cha 2013, pamene kuba kwakukulu kwa ndalama za boma, kotchedwa Cashgate, kunaululika, ndipo mayiko othandiza anaimitsa ndalama zimene anali kuthira m'thumba la boma. Anamva kuwawa ndani? Si wosauka wa pa mzere wa kuchipatala kodi? Wakuba mankhwala a odwala asamadziyese wosiyana ndi achifwamba a panjira ya ku Yeriko. Iwo anavula munthu wamphamvu, iye avula munthu wogona kale pansi.

Mtumwi Paulo anaidziwa ngozi imeneyi. Pamene anasonkhanitsa zopereka za osauka a ku Yerusalemu, sanafune kuzinyamula yekha. Pa 2 Akorinto 8 tiwerenga kuti anatuma Tito pamodzi ndi abale ena, mmodzi wa iwo wosankhidwa ndi mipingo yomwe, kuti pasapezeke munthu womnenera zoipa pa ndalamazo. Ngati Paulo anafuna mboni, nanga msungichuma wa pa mpingo pathu akwiyiranji pomfunsa buku?

Ndipo pamene pali kukhulupirika, dongosolo la m'fanizoli ligwira ntchito. Kuyambira cha m'ma 2006 boma lakhala likupangana ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi apakati ndi ana aang'ono achizidwe osalipira, boma n'kudzabweza ndalamazo pambuyo. Uku ndiko kuchita kwa Msamariya ndi mwini nyumba ya alendo: wina asamala, wina alipira. Koma wolipira akachedwa, wosamala atopa, ndipo khomo litsekeka pamaso pa mayi wosauka.

6. Nanga ife a m'midzi tichitenji?

Kapena wina ati: Ife ndife osauka, za m'tauni zitikhudza bwanji? Mbale, Akhristu a ku Makedoniya anali osauka kwambiri, ndipo Yerusalemu unali mzinda waukulu wakutali; koma Paulo achitira umboni kuti anachita kupempha okha kuti awalole kuperekako. Anthu a kumaiko osauka anathandiza osauka a mu mzinda, ndipo Mzimu Woyera anafuna kuti zimenezo zilembedwe chifukwa cha ife.

Tsono tinene chinthu chimene tonse tichidziwa. Ku Zolozolo kuli manda aakulu a mzinda wa Mzuzu, ndipo ambiri alidziwa dzina la Zolozolo chifukwa cha mandawo. Uthenga ukafika kumudzi kuti mwana wathu wamwalira ku Mzuzu, ndalama zipezeka tsiku lomwelo. Mbuzi igulitsidwa, malume atumiza zake pa foni, mpingo usonkha chipepeso. Bokosi ligulidwa, galimoto lipezeka lonyamula maliro kapena lonyamula ife kupita kukaika. Izi n'zabwino, ndipo sitizinyoza. Koma uthenga woyamba uja, wakuti mwanayo ali kutsokomola mwezi wachiwiri, wakuti wasiya ntchito, wakuti alibe ya ulendo wa kuchipatala, tinauyankha bwanji? Tinati tidzaona tikakolola. Ndalama ya bokosi limodzi ikadamfikitsa kuchipatala kambirimbiri, nimgulira ufa ndi nyemba za miyezi imene anali kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Msamariya anatulutsa ndalama zake munthu akali kupuma. Akadadikira masiku awiri, ndalama zomwezo zikadagula nsalu ya maliro.

Chifukwa chake tipempha mipingo yonse ilingalire zinthu zinayi izi.

Choyamba, pamene pali thumba la maliro, pakhalenso thumba la odwala. Nthawi yokolola banja lililonse lipatule kanthu, kaya mbale ya chimanga, kaya nyemba, kaya mtedza, kaya ndalama, monga mwa mphamvu yake. Kupatsa n'kuika, amene apereka chaka chino ndiye adzathandizidwa chaka china.

Chachiwiri, thumbalo lisungidwe ndi anthu atatu osankhidwa ndi mpingo, mwa iwo mukhale mayi. Cholowa ndi chotuluka chilembedwe m'buku, ndipo bukulo liwerengedwe poyera kamodzi pa miyezi itatu.

Chachitatu, munthu akachoka kumudzi kupita ku Mzuzu kapena ku mzinda wina, akulu a mpingo ampatse kalata yopita ku mpingo wa kumene akukakhala, kuti akadwala asakhale ngati mbalame yosokera. Amayi a Umanyano ndi a Mvano, ndi a zigwirizano za mipingo ina, adziwa kale ntchito yozonda odwala; koma sangazonde munthu amene sadziwa kuti alipo.

Chachinayi, mipingo ya kumidzi igwirane manja ndi mipingo ya ku Zolozolo ndi malo ena otere. Thumba la ufa lochokera kumudzi, loperekedwa m'manja mwa ozonda odwala, lichita ntchito imene mankhwala okha sangaichite, pakuti mankhwala amphamvu avuta kumwa m'mimba muli njala. Ndipo inu okhala mu mzinda amene Mulungu wakudalitsani ndi ntchito ndi malonda, musayang'ane kutsidya la nyanja kufuna Msamariya, pamene wodwala agona kuseri kwa mpanda wanu.

Abale, Ambuye Yesu sananene fanizoli kuti tidziwe kuweruza wansembe ndi Mlevi. Analinena kwa munthu wodziwa malamulo amene anafuna malire a chikondi, kuti adziwe pamene ayenera kulekezera. Ndipo Ambuye anamtumiza kukachita monga anachita Msamariya. Iye mwini ndiye anatipeza tili chigonere m'zoipa zathu, natitola, natilipirira ndi mwazi wake, natisiya m'nyumba yake, ndiyo Mpingo, kuti tisamalane kufikira adzabweranso. Tsiku limenelo adzatifunsa za odwala amene anawasiya m'manja mwathu, a kumudzi ndi a ku Zolozolo omwe.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha onse, akutali ndi apafupi, amene apereka chuma chawo kuti odwala athu achire. Limbitsani anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo ndi ozonda odwala. Patsani osunga ndalama ndi mankhwala mtima woopa Inu. Tsegulani manja athu abale athu akali ndi moyo. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.